Mbatata Yanu Yatsala Imodzi

Amayi, kwacha bwanji kumeneko?

Kuno ku Mtendere tilipo. Mkazi wa achimwene Yosefe wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Anthu akuti wafanana nanu mphuno. Ndinamunyamula, ndinamuyang'ana, sindinaone kanthu. Magetsi akuzimazimabe. Mbatata munabzala kuseri kwa nyumba ija tinakumba, inabereka bwino, tinaisunga m'dzenje.

Ndikuthamangabe. Mwezi watha ndinagwa pa mpikisano, pafupi ndi pomalizira, dzuwa lili paliwombo. Akuti thupi linatentha ngati mbaula. Ine sindinamve. Chichokereni inu sindimva kutentha, njala kapena kutopa, miyendo imangopita yokha.

Aphunzitsi a timu yathu tsopano amandipima ndi kachipangizo ka m'khutu koyezera kutentha kwa thupi ndikatha kuthamanga. Anandifunsa zimene ndimadya. Ndinawauza kuti mbatata yophika ndi tiyi wa shuga wambiri, nsapato zili kale kuphazi, monga munandizoloweza. Paja inu mbatata munkaitcha kandolo, munkati, "Idya kandolo iwe, motoka siyenda na mphepo." Iwo akuti chakudya ndi nkhuni, thupi likamachigaya limafunda, ndiye ukawonjezapo liwiro ndi dzuwa la Okutobala moto umachuluka. Akuti ndizidya m'mamawa kuti papite nthawi, ndizimwanso madzi. Masiku amene ndatero kachipangizoko kamatsikako. Munaphonya pang'ono pokha, Amayi, musakwiye.

Koma inu kachipangizo munalibe nako ntchito. Ndikafika pageti munkandigwira pakhosi ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti, "Wapya, nkala pansi." Ndinkakhaladi, ndikung'ung'udza. Tsiku lija kuchipatala inenso ndinakugwirani pomwepo, munali mutazizira. Kuyambira pamenepo dzanja langali silizindikira kanthu.

Loweruka kuli mpikisano wina. Ndikagwanso andichotsa m'timu, ndipo ndikaima panjira mwina andichotsabe. Mbatata yanu yatsala imodzi m'dzenje muja. Ndidzaiphika kusanache, ndidye nthawi ikadalipo. Ndikulonjeza kuti panjira ndizidzadzigwira pakhosi monga munkachitira. Kaya ndidzamva kanthu, kaya ayi. Ndikadzamva kuti ndapsa ndidzakhala pansi m'mbali mwa msewu, ena onse andipitirire.

Ndimakukondani, Amayi. Zimenezo ndikuzidziwa, kungoti sindikuzimva.

Ndine mwana wanu,
Esinati