Ba Violet Afika pa Buliji

Ba Luckson,

Njinga yanu sinabedwe, ndatenga ndine, pamodzi ndi mapatapata anu. Pepani, lero mukwere basi.

Mukuwadziwa ba Violet, anzanga a kukwaya, aja adokotala anawauza kuti akapanda kuchepetsa thupi shuga iwatenga. Pamene tinkayamba kuyenda m'mawa mu Januwale, ankalephera kufika ngakhale patchalitchi osakhala pansi. Lero ine ulesi unandigwira, sindinapite. Andiimbira foni manje manje, akuti, "Amake Natasha, ndili pa buliji ya Kafue. Ndafika ndi miyendo yanga. Madzi ndikuwaona apa, muli ndi mvuu ziwiri." Atatero anangoyamba kulira.

Kuchokera kwathu kuno ku Estates mpaka kumtsinje, okhaokha, mayi wa zidzukulu zinayi. Mtima wotere sindinauonepo.

Nyemba zili pambaula, muzithiramo madzi zisapserere. Natasha asaiwale juzi.

Nsapato ya ba Violet yaduka, ndiye chifukwa chake ndathamanga kukawapatsa mapatapata anu. Ndinati ndiwatumizire takisi, akana. Akuti abwerera wapansi, ine ndizingokankha njinga pambali pawo. Musatidikire msanga.

Ireen