Khoma Lokhota la Tchalitchi Chathu

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti khoma lokhota lija la tchalitchi chathu linatsala pang'ono kugwetsedwa.

Wansembe watsopano, mnyamata wachangu ndithu, atangofika anaona kuti khomalo linapindika pa zenera lachitatu. Anaitanitsa msonkhano, nati tiligwetse timange lowongoka. Ine ndinaimirira, paja mukundidziwa kuti sindipsatira mawu.

Ndinawafotokozera mmene mudzi uno unayambira: mabanja ochepa othawa madzi osefukira kudambo, akupempherera pansi pa mtengo, belu lawo lili khasu lakutha. Atafuna tchalitchi, amisiri analipo awiri okha, bambo athu ndi ang'ono awo. Tsoka lake, onse awiri ankafunsira mkazi mmodzi, mayi athu. Bambo atapambana, kulankhulana kunathera pomwepo. Bambo anayamba kumanga kuchokera kuguwa, bambo aang'ono kuchokera kukhomo, aliyense ndi chingwe chake. Pokumana pakati, njerwa zinakana kugwirizana.

Wansembe anaseka, nati, "Mayi, ndiye kuti khomali ndi chikumbutso cha udani. Tilisungirenji m'nyumba ya Mulungu?" Achimwene, ine ndinangokhala pansi!

Kenaka ndinaona bambo aang'ono akudzuka ndi ndodo yawo. Munthu amene wakalamba akunyoza ntchito ya bambo, amene ngakhale pa maliro awo sanatsegule pakamwa! Ndinati basi, khoma lapita.

Iwo anati, "Bambo Mfumu, khomalo ndi loipa, analikhotetsa ndi akulu anga, ndipo mawu amenewo sindibweza. Koma pa zenera limenelo tinakhala pa thabwa limodzi tsiku lonse. Matope anga atatha, anandikankhira awo ndi phazi, osandiyang'ana. Kuchokera pamenepo sitinayandikanenso mpaka tsiku limene ndinawaponyera dothi kumanda. Mukagwetsa pamenepo, ine ndiziwapeza kuti?"

Wansembe anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, nati tingopaka laimu. Ndinalira, sindikubisirani, ngakhale potuluka ndinauza amayi anzanga kuti ndi fumbi. Khomalo silikugwa, ndipo pamene ine ndili moyo palibe adzalikhudze.

Alamu anu akupereka moni, ana nawonso. Bambo aang'ono afooka kwambiri, miyendo yatupa ndipo kutchalitchi timachita kuwatenga panjinga. Dzulo nditawapititsira madzi anafunsa za inu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire chanu. Akuti mubwere mvula isanagwe. Ndinati ndikuuzani mutumize chithunzi, koma anakana. Akuti maso anatha kale, iwo angofuna kukumvani mukulankhula, poti mawu anu ndi enieni a malemu bambo athu.

Ndine mlongo wanu,
amene maso ali kunjira.