Zithunzi za Aggie zatuluka chimbuuzi

Amake Aggie,

Ndathamangira ku Blantyre, musandidikire nkhomaliro. Lenzi yotchipa ya kampani ina ija yandichititsa manyazi. Pakamera yathu yatsopanoyi imalowa bwinobwino, koma payokha siigwira nkhope. Zithunzi zonse za Aggie akulandira digiri ku Chirunga zatuluka chimbuuzi. Chooneka bwino ndi mtengo wakumbuyo kwake basi.

Munandiuza kuti ndiyambe ndayiyesa kunyumba kuno, ine n'kumati ndikudziwa.

Ndikukabwereka lenzi yeniyeni kwa anzanga a Stephano. Chonde, gauni ija musabweze lero, apempheni eni ake atidikire mpaka mawa masana. M'mawa tikwere ndi Aggie kuphiri, ndikamujambulenso.

Mwanayo musamuuze, ndimuuza ndekha madzulo. Pepani ndithu. Kuphiri adzamwetulira, koma tsiku lake lenileni ndamutayira ndine.

Ine,
Abambo ake