Ndinapatsa achemwali anga chikatoni cha filiji

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu, koma mkatimu muli kanthu kakundiluma, ndiye mundithandize.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Lungwena. Amuna anga a Bilal ali ku Joni, chaka chino ndi chachisanu. Zaka ziwiri zoyambirira kunali zii, ngakhale foni, mpaka anthu ankandinong'oneza kuti ndingokwatiwanso. Koma tsopano Mulungu watsegula. Mwezi watha lole ya transipota inaima pakhomo panga penipeni n'kutsitsa mipando ya sofa, TV yaikulu ngati chitseko, mabulangete onunkhira sitolo, ndi filiji yaitali kuposa ine. Aphungu, ndinavina! Ndinavina mpaka chitenje kumasuka, transipota akundijambula kuti atumizire a Bilal umboni woti katundu wafika. Magetsi kwathu kuno sanafike, ndiye pakadali pano m'filijimo ndimasungiramo shuga kuti nyerere zisamupeze. Komabe m'mawa uliwonse ndimaipukuta, n'kuitsegula, n'kuitseka, basi kumtima mbee. Pasofa ndimakhala mosinthasintha, lero mpando uwu, mawa uwo, kuti wina usadandaule.

Vuto langa ndi ili. Pamalo amene anatisiyira malemu mayi athu tilipo awiri, ine ndi achemwali anga aakulu, a Ajira. Iwo amuna awo anamwalira, akulera okha ana anayi m'nyumba ya udzu, ndipo amadalira kuyanika usipa pathandala n'kumagulitsa. Kunena zoona, zaka zija a Bilal anali zii, ine ndi ana anga tinkadya za m'mbale mwawo.

Tsiku la katundulo anthu anadzaza pabwalo, ndipo a Ajira ndi amene anayambitsa nthungululu. Filiji itatulutsidwa m'chikatoni chake, ndinaona kuti chikatonicho n'chachikulu, cholimba bwino, n'kukumbukira kuti zenera la kwa achemwali ndi lothyoka, limalowetsa mphepo ya mwera. Ndiye mwa chimwemwe changacho ndinakuwa, anthu onse akumva: "Achemwali, ichi ndi chanu, mukatseke pazenera paja!" Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, poti tsiku limenelo chilichonse chinkandiseketsa. Iwo anachisenza pamutu n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zikomo, mwatikumbukira ife a makatoni."

Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Kale tinkadyera limodzi pansi pa mtengo wa mango, pano amadyera kuseri kwa nyumba yawo. Ndinatumiza bulangete limodzi kudzera mwa mnansi, linabwerera lili m'pepala lake. Pakatha masabata atatu tili ndi sadaka yokumbukira mayi athu, ndipo a Ajira auza amjomba, mlongo wa mayi, kuti mwambowo uchitikire kwa ine poti ndi kumene kuli mipando. Akuti iwo adzangotumiza nkhuni.

Anzanga akuti ndi nsanje chabe, ndiwasiye. Kodi ndi zoona? Munthu wavutika zaka zonsezi, asasangalale? Koma sadaka ya mayi popanda a Ajira sindingaikwanitse, ngakhale kuiganiza kokha kukundiliritsa.

N.J., Lungwena, Mangochi

Okondedwa N.J.,

Choyamba, vinani ndithu. Mwadikira zaka zambiri, ndipo chimwemwe chanu si tchimo. Za shuga wa m'filiji yozima ndaseka mpaka misozi, nyerere za ku Lungwena zaona zakuda chaka chino.

Koma anzanu aja akukunamizani. Munthu wansanje sayambitsa nthungululu. A Ajira anabwera kudzasangalala nanu ndi mtima wonse. Tsiku limenelo aliyense pabwalopo ankayeza nyumba ziwirizi ndi maso, iyi ya mwamuna wa ku Joni, iyo ya mayi wamasiye. Anthu ankangoganiza chamumtima, inu munachita kulengeza, ndi zenera lawo lothyoka lomwe. Mukanapita nacho mawa lake mwakachetechete, bwenzi lero chikatonicho chili pazenera, iwo akukudalitsani.

Musatumizenso kanthu. Bulangete linabwerera chifukwa linafika lokha, lopanda mwini wake ndiponso lopanda pepani. Mawa m'mawa valani chitenje chakale, mafuta onunkhira a ku Joni muwasiye, mupite kuthandala mukawathandize kutembenuza usipa. Manja akugwira ntchito choncho, nenani kuti, "Achemwali, ndinakuchititsani manyazi pagulu, ndikhululukireni." Musawonjezerepo zoti mumafuna kuwathandiza, zimenezo akuzidziwa kale. Akakukalipirani, mezani. Munameza usipa wawo zaka ziwiri, mawu awo owawa simungalephere kuwameza kwa ola limodzi.

Za sadaka, mupite ndi amjomba anu mukawapemphe a Ajira kuti atsogolere. Ndiwo aakulu, ndiwo oyenera kulamula miphika ndi kugawa ntchito. Mwambowo uchitikire pabwalo la mayi anu, anthu akhale pamikeka, sofa ipume m'nyumba. Mpunga ndi mbuzi mugule ndinu ngati mungathe, koma wogawira alendo akhale iwo.

Zinthu zikazizira, lankhulani ndi a Bilal. Auzeni amene ankadyetsa ana awo nthawi imene foni yawo sinkalira. Ngati akufuna kuthokoza, athokoze ndi denga ndi zenera mvula isanabwere, ndipo nkhaniyo ikambidwe m'nyumba, osati pamaso pa mudzi.

Ndikunong'onezeninso ichi. Pa nyumba ziwirizi, musafulumire kunena kuti yolemera ndi iti. Thandala la a Ajira limabweretsa chakudya tsiku ndi tsiku. Sofa yanu sibereka, ndipo zonse za m'nyumba mwanu zikudalira munthu mmodzi amene ali kutali m'dziko la eni, komwe ntchito imatha kutha m'mawa umodzi. Lole yotsatira ibwere ndi chinthu chogwira ntchito, kaya makina osokera, kaya sola yoti filijiyo iyambe kuzizira, muzisungamo nsomba zaziwisi zogulitsa pamodzi ndi achemwali anu. Iwo msika amaudziwa, inu chipangizo muli nacho.

Chenjezo langa ndi lakuti musadikire kuti sadaka idutse. Abale akadzaona mwana mmodzi akukumbukira mayi ake yekha, wina ali kuseri kwa nyumba, mkangano wa anthu awiri udzasanduka wa mtundu wonse, ndipo pamenepo pepani sadzakwananso. Nyamukani mawa lomwe. A Bilal akhoza kukutumizirani chilichonse chimene mtima wanu ungalakelake, koma ku Joni kulibe sitolo yogulitsa achemwali.

Aphungu