Masamba anga asanduka mfutso

Lachinayi, ku Luwinga. Lero ndapsa mtima.

Sabata yathunthu ndakhala ndikuyanika masamba a cham'mwamba m'chipinda mwanga, poti dzuwa limawachotsa mphamvu. Ndimafuna kukayesa ku labu ya kusukulu kwathu ngati madzi ake angateteze maselo a m'thupi ku cheza chowotchera khansa. Pochokera kusukulu ndapeza a NyaGondwe, eni nyumba, atawafutsa ndi mchere n'kuwayanika padenga!

"Mwana wanga, ndiwo siziuma mumdima," atero. "Zikanachita nkhungu chomene."

Ndangothokoza kuti yewo. Ndikanatinso chiyani?

Aphunzitsi akufuna zotsatira Lolemba. Amayi anganso aimba foni ali kuchipatala komwe akuwawotcha khansa, akuti cheza chija chawasupula khungu, kodi mankhwala angawo atheka liti? Ndawayankha kuti posachedwa. Sindinawauze kuti mankhwalawo tidyera limodzi ndi a NyaGondwe mawa, othira nsinjiro.