Nyemba za Mayi Awa

Lachiwiri, 7 Okutobala

Yatha pulojekiti. Opereka thandizo a ku Ulaya aja akuti chaka chino maso awo ali kwina, za mbewu zamakolo zatha basi. Zaka zitatu ndikuzungulira midzi ya ku Chimbonila, kupempha nyemba kwa alimi, kuziumitsa, kuzisunga m'firiji ya pa fakulidade yathu, pa yunivesite. Lero a Emílio, mkulu wathu, angondigwira paphewa: "Dotora Zuleha, lembani ina, mwina ya zanyengo, ndiyo ili ndi msika." Ngati ndi tomato.

Chipinda cha mbewu akhoma, kiyi m'thumba mwawo, ati mpaka abwere owerengera katundu wa pulojekiti. Ndawauza kuti magetsi a m'menemo ngolipiriratu, akatha firiji izima. Ati aona. Mutu ukuwawa.

Lachisanu, 24 Okutobala

A Emílio ali ku Maputo, kiyi ali nayo komweko. Ine kuno mayeso a ophunzira, cholembera chofiira chatha, ndagula ndi zanga. Masana ndinatsamiza khutu pachitseko chija. Zii. Firiji sikulira. Ndapempha mlonda kuti tithyole loko, wakana, ati ali ndi ana oti adye. Sindimuda. Foni ya a Emílio ingoitana.

Lolemba, 3 Novembala

Atsegula. Fungo lokhalo linandiuza zonse. Madzi oundana anasungunuka n'kulowa m'maenivelopi, nyemba zachita chuku. Zina zinamera mumdima n'kufera momwemo, timizu toyera tili pululu. Ndakhala ndikusankha imodziimodzi mpaka msana kuuma. Palibe yamoyo.

A Emílio ati mwayi wake theka la mtundu uliwonse tinatumiza ku nkhokwe ya mbewu ya ku Ulaya, monga ankafunira eni ndalama. Mwayi! Ndatuluka pakamwa pasanandipalamulire mlandu. Ndalirira m'chimbudzi, mpopi wotsegula kuti asamve.

Lachitatu, 12 Novembala

Chimene ndimaopa. Mayi Awa a ku Chimbonila andipeza pa ofesi, fumbi mpaka m'mawondo. Moto wa osaka mbewa unawatenthera nkhokwe mwezi watha, mbewu yonse phulusa. Koma anabwera akumwetulira, poti ine ndilipo. Akufuna namphulusa, nyemba zotuwa zija anandigawira chaka choyamba.

Si nyemba wamba kwa iwo. Nthawi ya nkhondo anathawira nazo ku Malawi, atazimanga pansonga ya kapulana, chitenje chawo. Ana anagona ndi njala m'njira, iwo osamasula mfundo. Anakazibzala kuseri kwa msasa, nkhondo itatha n'kubwera nazo. M'mudzi monse palibe wina ali nazo, anzawo anatengeka ndi zamusitolo.

Ndawauza zoona, maso pansi. Kuti zakuno zaola, zatsala za ku Ulaya. Anandifunsa: "Kumeneko alipo akuzibzala?" Ndati ayi Mayi, zili m'chipinda chozizira. "Ndiye ziitaneni, mwanangu, zibwere mvula isanagwe." Sanakalipe. Bola akanakalipa. Pochoka andisiyira kathumba ka mbatatesi, ati anali atandinyamulira kale, sangabwerere nako.

Loweruka, 22 Novembala

Ayankha a ku Ulaya. Mwaulemu zedi, mpaka kundifunira zabwino. Mbewu amatumiza ku sukulu yokhala ndi pulojekiti yomwe ikuyenda, osati kwa munthu payekha. Yathu inatsekedwa. Ndikapeza thandizo lina ndidzapemphe, zilolezo zimatenga miyezi. Dzina la Mayi Awa sakulidziwa, ati nditchule nambala ya mtunduwo.

Nyemba zawo zomwe, za m'manja mwawo, lero zikufuna chilolezo. Ndalemba pempho la thandizo kwa ena awiri, ndathiramo mawu a zanyengo ngati mchere. Zotsatira m'mwezi wa Juni. Juni anthu akupuntha kale nyemba.

Mbatatesi zija zili pakona, zayamba kuphuka. Ndikulephera kuzidya, ndikulephera kuzipereka. Ndinawaimbira Mayi Awa pa foni ya mpongozi wawo, ndati ndikuyesetsa. Zotsalazo sindinawauze.

Lachiwiri, 9 Disembala

Mvula yagwa mlungu wonse. Kuno ku Lichinga matope okhaokha. Ndinagula nyemba zamusitolo makilo awiri n'kukwera shapa, minibasi ya ku Chimbonila, kuti ndikawauze zonse, abzale izi chaka chino.

Munda wawo uli m'mbali mwa msewu. Ndinauona shapa isanaime. Chimanga chamera ponseponse, chobiriwira bwino. Koma kumunsi kwa chulu, pamene pali nthaka yabwino koposa, mizere ili yopanda kanthu. Yolimidwa, yopaliridwa, udzu ngakhale umodzi. Iwo ali chilili pompo ndi khasu, akuyang'ana shapa iliyonse yochokera kutauni.

Kondakitala anandifunsa ngati nditsike. Ndinaweramitsa mutu, thumba lija pamiyendo. Tinadutsa.

Mawa ndipitanso. Mawa nditsika, ndikawauze kuti...