Tebo Pafupi ndi Mabuleki

Lolemba, 4 Malichi

Alamu, amuna a achemwali, abweretsa galimoto yawo kugalaja kwathu. Akufuna tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, ati galimotoyo imafooka pachitunda. Ndatsegula boneti, ndayeza. Malo abwino alipo amodzi okha: kutsogolo, komwe kumadutsa mphepo. Koma mpaka kusuntha batire, kuwotcherera paipi ina. Ntchito ya masiku anayi.

Achimwene, omwe amayendetsa galajayi, akuti ayi, tiiponye kumbuyo komwe kuli mpata kale. Mpata wake zala zitatu kuchoka pa paipi ya mabuleki. Tebo ikagwira ntchito imafiira ngati khala. Ndawauza. Yankho lake: "Iwe gwira sipanala, zoganiza undisiyire."

Zaka zisanu ndi zinayi ndili m'maovololo. Ndikadali kamlongo kotumidwa.

Lachitatu, 6 Malichi

Aiika komweko. Ndinapempha kachitsulo kotchinga kutentha, andiseka pamaso pa alamu, ati akazi mantha. Alamu nawo kuseka, mano onse panja.

Injini ikulira bwino, izo sindikana. Alamu atuluka pageti ngati agula yatsopano.

Sindinadye.

Lolemba, 18 Malichi

Chipatala. Fungo la mankhwala mpaka kummero.

Dzulo potsika chitunda chija mabuleki anangolowa pansi. Mafuta ake anawira. Alamu anakaimira pampanda wa sukulu. Iwo bwinobwino, kachilonda pachipumi basi. Achemwali mwendo wathyoka pawiri. Mwana anali kumbuyo, womangidwa lamba, sanakalike n'komwe. Ndamunyamula tsiku lonse, kukana kumutsitsa.

Achimwene sanabwere. Ati galaja singatsekedwe.

Lachiwiri, 19 Malichi

Ndamva kwa alamu. Achimwene awauza kuti ndine ndinamanga mapaipi a mabuleki, mwina sindinalimbitse. Ine! Mabulekiwo sindinawakhudze ngakhale ndi chala.

Ndapita komwe anakokera galimoto, ndajambula zonse. Paipi yachita kuda, mawaya apafupi asungunuka ngati kandulo. Aliyense wa maso angaone.

Ndikanakhala ndi nyundo m'manja muja ndinkalowa pageti la galaja, kaya.

Lachinayi, 21 Malichi

Bambo abwera kugalaja, koyamba chisiyireni ntchito. Galimoto ija anaikokera kuno dzulo. Maso awo aja sakuonanso bwino, ndiye anangopisa dzanja mu injini, kupapasa tebo, kupapasa paipi. Anafunsa kuti waika apa ndani. Achimwene kuyang'ana nsapato. Bambo sanakalipe, anangowauza kuti akapepese kuchipatala lero lomwe, ndipo bodza lija akalibweze okha. Achimwene anapita, mutu pansi.

Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako Bambo anatembenukira kwa ine, akupukuta manja.

"Nanga iwe mwananga, unadziwa?"

Ndinati eya, ndinanena, anandiseka.

"Ndiye makiyi anawapatsa ndani alamu akowo?"

Ndine. Ndinawachotsa pamsomali ndekha, nditakwiya, ndikuti mumtima akaone okha.

Mawa ndikawaone achemwali. Sindikudziwa ndikayambira pati.